Tsiku limodzi mu Mumbai: chifukwa chake wotsogolera alendo amayang'ana wotchi ndi nyanja

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikufotokoza mmene ulendo wa tsiku limodzi wokaona malo mumzinda wa Mumbai, ku India, umayendera, komanso chifukwa chake wotsogolera alendo wodziwa ntchito yake amasanja malo potsata nthawi, osati kutchuka kwake.

 Mbali yakale ya Mumbai ndi yaitali koma yopapatiza, yolowera m'nyanja ya Arabia, ndipo poyamba inali zilumba zisanu ndi ziwiri zimene anthu anazilumikiza pokwirira madzi ndi dothi ndi miyala. Apwitikizi anapereka Bombay, lomwe ndi dzina lakale la mzindawu, kwa Angelezi mu 1661, pa ukwati wa Catherine wa ku Braganza, mwana wa mfumu ya Apwitikizi, ndi Mfumu Charles II ya Angelezi, ndipo dzina lakuti Mumbai linakhazikitsidwa ndi boma mu 1995. Chifukwa cha kupapatizaku, m'mawa chinamtindi cha anthu chimatsikira kummwera kumene kuli maofesi ambiri, madzulo n'kubwerera kumpoto, choncho mlendo amapindula akamayenda mosemphana nacho.

Ulendo umayambira kummwera, pachipata cha Gateway of India, dzuwa lisanatenthe. Chipatachi anachimanga pokumbukira kubwera kwa Mfumu George V ya ku Britain mu 1911, chinatha mu 1924, ndipo mu Febuluwale 1948 gulu lomaliza la asilikali a Britain linadutsa pomwepo potuluka m'dzikolo. Moyang'anana nacho pali hotela ya Taj Mahal Palace, yotsegulidwa mu 1903. Pano m'pamenenso pamanyamukira maboti opita kuchilumba cha Elephanta, kumene kuli mapanga okhala ndi ziboliboli za Shiva, mulungu wa Ahindu, zogobedwa m'thanthwe. Malowo ndi okongola ndithu, koma boti limatenga pafupifupi ola limodzi popita ndi linanso pobwerera, moti amene ali ndi tsiku limodzi lokha akapitako amakhala atataya theka la mzinda. Ife tikuona kuti Elephanta imafuna tsiku lakelake.

Kuchoka apo mumafika pasiteshoni ya sitima ya Chhatrapati Shivaji Maharaj Terminus, imene kale inkatchedwa Victoria Terminus ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2004. Sitima yoyamba yonyamula anthu ku India inanyamuka m'dera lomweli mu 1853 kupita ku Thane.

Wotsogolera akayamba kukufulumizitsani pano, musamuone ngati wopanda ulemu, pakuti akufuna kuti mufike panja pa siteshoni ya Churchgate cha m'ma 11:30, nthawi imene amatulukira a dabbawala. Awa ndi amuna ovala zipewa zoyera amene amanyamula nkhomaliro yophikidwa kunyumba kukapereka kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi. Ntchitoyi inayamba cha m'ma 1890, ndipo mliri wa Covid-19 usanabwere analipo pafupifupi 5,000. Wina amatenga mabakuli a chakudya khomo ndi khomo pa njinga, wina amakwera nawo sitima, ndipo pano amawayala m'mbali mwa msewu n'kuwasankha potsata mitundu ya utoto, zilembo ndi manambala olembedwa pachivundikiro, kuti aliyense alandire chakudya chake nthawi ya nkhomaliro isanapitirire. Masana mabakuli opanda kanthu amabwerera njira yomweyo. Chimene chinachititsa kuti ntchitoyi ikhalitse n'chakuti munthu amachoka pakhomo chakudya chisanapse, sitima za m'mawa zimadzaza moti katundu wa m'manja amavuta kulowa naye, ndipo ambiri ali ndi malamulo a chipembedzo pa zakudya omwe amasungika bwino m'khitchini ya kwawo. Mukachedwa pang'ono mupeza msewu wokhawokha, eni ake atamwazikana kale.

Pambuyo podya vada pav, yomwe ndi mbatatesi yokazinga yoika m'kabanzi pamodzi ndi tsabola, galimoto imalowera kumpoto. Imaima mwachidule ku Mani Bhavan, nyumba imene Mahatma Gandhi ankafikira kuyambira 1917 mpaka 1934, atabwerako ku South Africa. Kenako mumafika pamlatho wa pafupi ndi siteshoni ya Mahalaxmi, pamene mumaona Dhobi Ghat m'munsi mwanu: mizere ya maenje a simenti mmene amuna amachapira zovala za mahotela, zipatala ndi mabanja, n'kuziyanika pozipanikiza pakati pa zingwe ziwiri zopotana, popanda zopanira. Awa ndi malo a ntchito ndipo mabanja amakhala momwemo, choncho ndi bwino kupempha musanajambule munthu chapafupi.

Ku Haji Ali, manda a munthu woyera wachisilamu omwe ali pakachilumba, wolamula si wotchi koma nyanja. Kanjira kopita kumeneko kamamira madzi akadzaza kwambiri, ndipo nthawi yodzaza imasuntha tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake wotsogolera amaifufuza m'mawa ndipo angasinthe ndondomeko yonse ya masana. Polowa mumavula nsapato, ndipo amayi amafunda kumutu.

Dzuwa likamapendeka mumabwerera kummwera kudzera mumsewu wa Marine Drive, pamene magalimoto ambiri akulowera kumpoto, mpaka mutapeza pokhala pakhoma la m'mphepete mwa nyanja.

Posankha tsiku la ulendowu, dziwani kuti Lamlungu a dabbawala sagwira ntchito, ndipo Lolemba mapanga a Elephanta amakhala otseka. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kumagwa mvula yamphamvu imene nthawi zina imasefukira m'misewu ndi kuimitsa sitima, pamene kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kumakhala kouma ndipo kutentha kumachepako.