Bolodi ya chitetezo kuntchito kwanu ikugwira ntchito kapena yangokhala chokongoletsa khoma?

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero tikambe za bolodi ija imakhala pakhoma kuntchito kwanu, ija mumaidutsa m'mawa uliwonse osaiyang'ana n'komwe.

Ndiyambe ndi zomwe ndinaona ndekha. Ndikugwira ntchito pa wekishopu ina yowotcherera zitsulo, mnyamata wina amene anali atangoyamba kumene anadzicheka ndi gilainda padzanja, magazi chuchuchu, aliyense kumangokuwa, wina nkuthamangira pabolodi kuti aone amene amadziwa first aid ndi ndani. Dzina linalipo inde, koma munthu wake anasiya ntchito kalekale. Nambala ya foni yomwe inali pansi pake sinkapezekanso. Ndipo kuti apeze pepalalo anachita kusuntha mapepala atatu, lina la zopereka za maliro, lina la banki mkhonde, lina la mpira wa loweruka. Tinamanga balalo ndi malaya nkumuthamangitsira kuchipatala pa kabaza. Anachira, koma chala chimodzi sichipinda mpaka lero.

Kuyambira tsiku limenelo bolodi ndimaiona mwina. Ndimaiyesa chonchi: munthu amene wayamba ntchito lero, ataima pamenepo kwa masekondi 30, angadziwe woti amuitane wina akavulala, kothawira kukabuka moto, komanso nambala yoimba? Ngati sangathe ndiye kuti pali ntchito.



Tiyambe ndi malo. Malo ambiri bolodi amaiika mu ofesi ya abwana kapena pakhonde la akaunti, komwe munthu wovala ovolosi yamafuta amachita manyazi kulowa. Iikeni pomwe anthu amaima, osati pomwe amangodutsa. Pomwe amasayina m'mawa, pomwe amamwera tiyi, pomwe amavalira magambuti. Pakhale powala, mulingo wa maso, ndipo kutsogolo kwake pasaunjikidwe makatoni. Ngati ndi pa esiteti kapena pamalo omanga nyumba pomwe mvula imafika, mapepala akhale m'pulasitiki chifukwa mvula ya Januwale sichedwa kufufuta inki.

Tsopano zoyikapo. Pamwamba penipeni, zilembo zikuluzikulu, pakhale za mwadzidzidzi basi. Mayina a anthu a first aid pamodzi ndi zithunzi zawo, chifukwa watsopano sadziwa kuti bambo uje ndi uti, ndipo pa shifiti iliyonse pakhale wake, wa usiku asadalire munthu amene ali mtulo kunyumba. Bokosi la first aid lili pati, kiyi ali ndi ndani. Nambala ya chipatala chapafupi, ya ozimitsa moto, ya dalaivala wa galimoto ya kampani. Kamapu kosonyeza zitseko zothawira ndi malo osonkhanira, ndipo kamapuko kakhale ndi kadontho kolembedwa kuti "muli pano", apo ayi anthu amakatembenuza uku ndi uku osamva kanthu.

Nkhani ya zitseko musaitenge mopepuka. Mu 1911 ku New York, fakitale yosoka zovala ya Triangle inapsa ndipo anthu 146 anafa, ambiri anali atsikana ndi amayi, ndipo zina mwa zitseko zinali zokhoma. Mapu angakhale okongola bwanji, ngati chitseko chomwe akuloza chili ndi loko ndiye kuti akunamiza anthu. Mukamapachika mapuwo yendani njirayo nokha mpaka panja.

Mitundu nayo imalankhula, ndipo anthu ambiri sanauzidwepo. Bwalo lofiira lodulidwa ndi mzere ndi loletsa, osasuta, osalowa. Ngodya zitatu zachikasu ndi chenjezo, magetsi, poterera, poizoni. Bwalo labuluu ndi lamulo, valani helemeti, valani magalasi. Chobiriwira ndi chopulumukira, potulukira, first aid, posonkhanira. Zizindikiro zimenezi ndi zofanana m'mayiko ambiri kotero mukaziphunzira ku Kanengo zikakuthandizaninso ku Johannesburg.



Chilankhulo, abale anga, apa ndiye pamandipweteka. Mupeza pepala lalitali la Chingerezi cha malamulo, tizilembo ting'onoting'ono, koma amene amagwira makina kapena kupopera mankhwala m'munda ambiri amawerenga bwino Chichewa, ena Chitumbuka, ena Chiyao, ena kuwerengako kumawavuta. Lembani m'chilankhulo chomwe anthu amalankhula pa nkhomaliro. Chiganizo chimodzi, chithunzi chimodzi. "Zimitsani pa swichi yaikulu musanalowetse dzanja m'makina." Basi. "Moto wa magetsi kapena wa mafuta osathira madzi." Pepala la malamulo lalitalilo likhalepo ndithu koma pambali pake, la amene akufuna kuwerenga zonse.

Pajatu chitetezo kuntchito si chifundo cha abwana ayi. Kuno ku Malawi lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 linaika udindo pa olemba ntchito kuti malo akhale otetezeka, ndipo Workers' Compensation Act ya 2000 imakamba za chipukuta misozi munthu akavulala pa ntchito. Ndiye pabolodi palembedwe momveka kuti ukavulala ukauze ndani ndipo fomu ili kuti, chifukwa ambiri amangodzimanga kansalu nkupitiriza ntchito poopa kuchotsedwa, kenako bala likakula palibe umboni. Inu muli ku South Africa, lamulo lawo la 1993 limati pamalo pa antchito opitirira 20 pakhale oimira antchito pa za chitetezo, funsani kuti wanu ndi ndani. Ku Britain bwana amayenera kupachika positala ya HSE, bungwe la boma loona za chitetezo kuntchito, kapena kukupatsani kapepala kake.

Pali chinthu china chomwe makampani amachikonda, kulemba kuti "masiku 200 opanda ngozi". Ine ndimachikayikira kwambiri. Nambala ikakula palibe amene amafuna kukhala woibwezera pa ziro, ndiye anthu amayamba kubisa mabala, makamaka ngati pali bonasi. Bola mulembepo ngozi zomwe zinatsala pang'ono kuchitika ndi zomwe mwakonza. Waya unali pamtunda pafupi ndi mpopi, tinauzidwa lolemba, takonza lachitatu. Munthu akaona kuti zomwe ananena zachitika, mawa adzanenanso zina. Osalembapo dzina la amene analakwitsa kapena matenda a munthu, bolodi si bwalo la milandu.

Nanga aziisamalira ndani? Ikakhala ya aliyense imakhala yopanda mwini. Munthu mmodzi, dzina lake lilembedwe pakona, pepala lililonse likhale ndi deti yomwe lapachikidwa ndi yomwe lidzachotsedwe. Zamaliro ndi za banki mkhonde ndi zofunika, palibe akukana, koma zipatseni bolodi yawo pambali. Ndipo kapitawo azichitira ka toolbox talk, kamsonkhano kokumbutsana za chitetezo ka mphindi zisanu, pabolodi pomwepo, akuloza ndi chala, chifukwa pepala lomwe lakhala malo amodzi miyezi itatu maso amasiya kuliona. Gulupu ya WhatsApp ndi yothandiza kutumizirapo chithunzi cha zatsopano, koma bandulo imatha, foni imazima, ena saloledwa kulowa nayo pamakina, khoma limakhalapobe.

Pa 28 Epulo chaka chilichonse ndi tsiku la chitetezo ndi umoyo pa ntchito padziko lonse, ndipo malo ambiri amakumbukira bolodi sabata imeneyo yokha. Inu musadikire Epulo. Mawa mukafika, imani pabolodi yanu, tengani foni, imbani nambala yoyamba yomwe yalembedwapo mumve ngati wina ayankhe.