Mfutso wa amayi wafika pa Park Station

Abale anga muli bwanji kumene muliko, kaya ku Mayfair kaya ku Cape Town kaya mukundimvera muli pa naiti, lero ndangoti ndiyatse foni ndilankhule basi. Ndangofika kumene kuchokera ku Park Station, siteshoni ya mabasi ya ku Joni kuno, thumba lili apa pabedi, chipinda chonse fungo la usipa moti mnzanga amene timagawana naye lendi wayamba kale kutsuka poto osafunsidwa.

Atumiza ndi amayi, ku Mulanje. Thumbali ladutsa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, njira mukuidziwa nokha. Muli usipa, nandolo, mfutso wa nkhwani, ufa woyera, ndiye pansi penipeni kansalu komanga mfundo, nditamasula ndapeza K2,000, eti ndikagule Fanta. Ku Joni kuno aise, kwacha! Ndaseka mpaka misozi, misozi inayo sinali ya kuseka koma tisiye.

Amayi anga anabadwa chaka cha njala ija ya 1949, ndiye mukawauza za BP amati njala inandilephera ndili khanda, ka BP ndiye katani. Ine mwezi ndi mwezi ndimatumiza pa Mukuru kuti alembe aganyu, khasu alisiye. Ndipo mwezi watha bwana wanga wa mapenti uja anandidula masiku atatu eti ndinkachedwa, chonsecho amene amachedwa kudzatitenga ndi bakkie ndi iyeyo, munthu wopanda manyazi, amadziwa kuti sungakadandaule kulikonse. Ndinadya buledi ndi madzi a shuga sabata yonse kuti ndalama ya amayi isaperewere.

Ndiye ndaimba vidiyo kuti ndithokoze. Foni wagwira mdzukulu, ali kudimba. Aganyu awiri amene ndimawalipira ine akhala pansi pa mango, amene akukweza mizere ndi amayi, chitenje amanga m'chiuno. Ndikuti amayi ndalama ija ndi ya chiyani nanga, akuti anawa amalima ngati akulemba kalata, ndikuwaonetsa kaye. Kenako akuti tasendeza foniyo ndikuone, mimbayo ndi yako? Ili ndi miyezi ingati? Aganyu kuseka, mdzukulu kuseka, ine mwamuna wa zaka 43 ndaima pa siteshoni anthu akundiyang'ana.

Koma sananame. Ine ndikakwera makwerero kawiri msana umalira, madzulo Panado. Iwo namondwe Freddy atagwetsa khitchini mu 2023 madzi oumbira njerwa ankatunga okha pamutu. Ku Mvano sajomba, pamaliro amayambitsa nyimbo ndi iwo mpaka kucha, atsikana akuwodzera.

Ndiye ndikuuzeni anyamata, inu amene mumangotumiza nambala ya Mukuru pa WhatsApp osanena ngakhale mwadzuka bwanji. Amayi ako si ATM yolowetsamo ndalama. Imba, uwamve mawu, akunyoze pang'ono, akuuze mbuzi ya ndani yadya chimanga cha ndani, nkhani zopanda mutu zomwezo. Data ya TikTok ulinayo, ya mpira ulinayo, ya amene anakubereka ndiye ulibe? Tonse kuno timadziwa mmene mtima umagundira foni ya kumudzi ikalira 2 koloko usiku, ndipo tawaona anzathu akusonkhetsa ndalama ya basi kuti akapeze manda atakwirira kale. Ine zaka 6 sindinapondeko kwathu, za mapepala sindikufotokozerani, mukuzidziwa. Chaka chino Disembala ndikupita, Beitbridge ichite zimene ichite.

Ndawauza amayi zimenezo, akuti ubwere usanabereke, ndipo ukabwera khasu lako lilipo. Ndikuti ndiimbanso mawa m'mawa, akuti m'mawa ayi ali bize akupita kuchigayo, ndiimbe madzulo.

Dikirani kaye, uyu akuthira mfutso wonse mupoto. Aise theka lokha, theka!