Makalata a omvera: achimwene a ku Cosmo City akufuna kupalasa njinga mpaka ku Chiradzulu

Moni nonse omvera, kaya muli ku Mayfair, ku Diepsloot, ku Tembisa, ngakhale inu amene mwagwira foni kukhutu muli pa geti ya abwana usiku uno. Makalata abwera ambiri sabata ino, ndipo ndinene mwachilungamo kuti imodzi yandigwira mtima kuposa onse. Ndiyamba ndi ena mwachangu kuti ndikafika pa imeneyo ndikhale pansi bwinobwino.

Mayi a ku Rosettenville mukuti munapereka firiji kwa transipota mu Malichi, mpaka lero sinafike ku Mangochi, ndipo foni sayankha. Pepani mayi. Ngati muli ndi lisiti kapena mauthenga a pa WhatsApp, pitani nawo kupolisi mukatsegule mlandu, musamangodandaulira ife. Achimwene a ku Alexandra, moni wanu kwa agogo ku Nkhotakota wafika, koma agogo sadya moni, mutumizeko kangachepe.

Tsopano nayi kalata ija. Alemba ndi bambo a ku Cosmo City, amagwira ntchito ya m'maluwa ku Randburg. Akuti:

"Achimwene, ndili ndi zaka 34. Tsiku lililonse ndimapita kuntchito pa njinga, ndipo ndi ulendo wa makilomita ngati 15 kupita kokha. Mumtima mwanga muli chinthu chimodzi: ndikufuna ndipalase njinga kuchoka kuno mpaka kwathu ku Chiradzulu, kudzera ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Agogo anga anabwera ku Joni wapansi, pobwerera anabwera ndi njinga imene inakhala pakhomo pathu mpaka ine ndinaphunzirirapo. Ndikufuna ndione ndi maso anga njira imene iwo anayenda. Ndikufuna kunyamuka mu Disembala kuti ndikadyere Khirisimasi kumudzi. Mayi a kunyumba akuti ndapenga. Anzanga akuti kumudzi akandiseka kuti Joni yandikanika. Kodi ndiyambire pati?"

Achimwene, simunapenge. Ndiyambe ndi zimenezo kuti alamu amve. Ndipo inu anzawo amene mukuseka, ndikudzudzuleni pang'ono. Tinafika pati ife Amalawi poona njinga ngati chizindikiro cha umphawi? Njinga yomweyo ndi imene yaphunzitsa ana a akabaza ku Lunzu, ku Salima ndi ku Mzuzu, yanyamula makala, yanyamula odwala kupita kuchipatala. Alendo ochokera ku Ulaya amalipira ndalama zambirimbiri kuti apalase nawo ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003, kuchoka ku Cairo mpaka ku Cape Town, ndipo umadutsa m'dziko mwathu momwemo, ku Karonga, ku Mzuzu, ku Lilongwe. Akamadutsa timaimirira m'mbali mwa msewu kuwaombera m'manja. Riaan Manser wa konkuno ku South Africa anazungulira Africa yense pa njinga kuyambira 2003 mpaka 2005, dziko lonse linamulemekeza. Nanga mwana wa ku Chiradzulu akafuna kuchita zake, bwanji tikumufunira sing'anga?

Za agogo anuzo ndi zimene zandikhudza. Ambiri a ife tili ndi agogo otere. Ena anabwera pa Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodi, ena anabwera pa selefu, paokha, akuyenda masabata ndi masabata, kuima m'mafamu a ku Rhodesia kugwira ganyu kuti apeze ya ufa, kenako n'kupitirira. Kamuzu yemwe anachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, anagwirapo ntchito ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu, asanafike kumigodi kuno. Ena anabwerera ndi njinga, makina osokera ndi sutukesi. Ena anatchona. Ena anafera m'njira, monga aja oposa 70 amene anafa ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu opita kumigodi. Ife lero timakwera basi pa Park Station, timatseka makatani, timagona, timadzuka tili pa Mwanza. Njira imene inadya makolo athu sitiidziwa n'komwe. Ndiye munthu akati ndikufuna ndiidziwe, ine ndimamuvulira chipewa.

Koma achimwene, Disembala ayi. Apa pokha ndikukanizani, ndipo alamu akunena zoona. Disembala ndi mvula, ndi dzuwa loswa mtengo ku Musina ndi ku Tete, kumene kuyambira Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndi nthawi ya udzudzu. Ndi nthawinso imene msewu wa N1 umadzaza ndi mabasi, mataxi okoka ngolo ndi madalaivala otopa, onse akuthamangira Beitbridge. Nyamukani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Kudzakhala kozizira usiku, makamaka masiku oyamba mukadali kumtunda kuno ndiponso cha ku Harare, choncho jekete ndi bulangete lopepuka musasiye, koma kuzizira mumakuthawa ndi chovala, pamene dzuwa la ku Tete mulibe kolithawira. Khirisimasi mudzadyera pa basi ngati anzanu, njinga idikire Juni.

Tiyeni tiwerenge njira. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700. Munthu wonyamula katundu akamapalasa makilomita 80 patsiku, ndi masiku opitirira pang'ono 20 ali pachishalo, ndiye muonjezere opumula. Pemphani tchuthi cha mwezi wathunthu, ndipo ngati abwana ndi omvetsa, ndi sabata ina pamwamba. Makilomita 30 amene mumayenda patsiku panopa ndi chiyambi chabwino, koma kupalasa 80 lero, mawa 80, mkuja 80, ndi nkhani ina. Yambani Loweruka lililonse kuyenda ulendo wautali mutamanga katundu yense. Kenako yesani kukagona ku Hartbeespoort n'kubwerera m'mawa mwake. Pamenepo mudzadziwa chimene chikupweteka, kaya ndi mawondo, kaya ndi pokhalira, mukadali pafupi ndi kwanu.

Musalowe pa freeway. Lamulo la kuno sililola njinga pamenepo, ndipo chipewa choteteza mutu ndi lamulonso. Gwirani msewu wakale wa R101, umene umayenda moyandikana ndi N1 kudzera ku Pretoria, Hammanskraal, Bela-Bela, Modimolle, Mokopane mpaka ku Polokwane. Mukadutsa Louis Trichardt mukumana ndi chitunda cha mapiri a Soutpansberg, ndipo potsetsereka pali ngalande ziwiri zoboola phiri, zamdima, zimene mathiraki amadutsanso. Nyali yakutsogolo ndi yofiira yakumbuyo zikhale zoyaka, ndi chovala chonyezimira. Mukaona malambe ayamba kuchuluka, dziwani kuti Musina yayandikira, ndipo Limpopo ali patsogolo panu.

Chigawo chimene ndikuchiopa kwambiri ndi cha Beitbridge kukafika ku Masvingo, makilomita pafupifupi 290. Ndi dziko louma, malo ogulira zinthu ndi otalikirana, Bubi, Rutenga, Ngundu, ndipo pakati pake mukhoza kupalasa maola osaona mjigo. Madzi malita asanu akhale pa njinga nthawi zonse, ndipo paliponse mwapeza madzi dzazani ngakhale mabotolo asanathe. Mukamatuluka thukuta kwambiri, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pang'onopang'ono. Nyamukani kukangoyera, dzuwa likafika paliwombo khalani pamthunzi, ndipo ikamakwana 4 koloko mukhale mutadziwa kogona. Usiku musapalase, ngakhale mwezi uwale bwanji. Mukafika ku Masvingo pumulani tsiku, mukaone mabwinja a miyala a Great Zimbabwe, ndi makilomita ngati 30 okha kuchoka m'tauni. Mwabwera kudzaona, si mpikisano.

Kuchoka apo ndi Harare, Mutoko, Nyamapanda, ndipo mwalowa Mozambique pa Cuchamano. Mudutsa Changara n'kutsikira ku Tete, kumene muwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Chinyungwe chimene amalankhula kumeneko sichili kutali ndi chathu, mudzamvana, musachite mantha ndi Chipwitikizi. Kenako Moatize ndi mathiraki ake, ndiye chitunda chachitali chokwera ku Zobue, chimene chidzakufunsani ngati munadya m'mawa. Mukadinditsa pa Mwanza, kwatsala Zalewa, Lunzu, Blantyre, ndipo fungo la nsima ya amayi layamba kumveka.

Malungo musawaderere. Kuno ku Joni kulibe malungo, ndipo thupi likakhala zaka osalumidwa limaiwala kulimbana nawo. Ambiri amene amadwala kwambiri akapita kutchuthi ndi omwe amati ine ndinakulira m'malungo. Pitani kukiliniki musananyamuke mukafunse za mankhwala oteteza, tengani neti, ndipo mukangomva kutentha thupi m'njira, kayezetseni tsiku lomwelo.

Za njinga, simunandiuze kuti ndi yotani, koma musatenge ngongole kugula yodula. Yachitsulo, ya magiya, ya matayala amene mungawapeze pa golosale ya m'mudzi, ndiyo yabwino, chifukwa felemu yachitsulo ikathyoka wowotcherera aliyense akulumikizirani. Kaliyala ikhale yolimba. Tengani machubu awiri, zigamba ndi guluu, mpope, masipoko angapo, mabuleki apadera, waya wa buleki, mafuta a tcheni ndi masipanala. Ndipo muphunzire kumata chubu ndi kumanga sipoko nokha. Katundu wa abale musanyamule. Ndikudziwa kuti akangomva, azakhali abwera ndi ketulo, asuweni ndi sipika. Auzeni kuti basi ilipo.

Kogona, funsani. Pa tchalitchi, pa mzikiti, pa sukulu, kwa amfumu, kapena pafupi ndi polisi. Fikani kukadali kowala, perekani moni, fotokozani ulendo wanu, onetsani pasipoti. Safunsa anadya phula. Ndalama musaike pamodzi: marandi, madola aang'onoang'ono a ku Zimbabwe chifukwa chenji chimavuta, ndi mameticais mukalowa Mozambique. Madzulo alionse tumizani uthenga kwa alamu kuti muli pati. Ndipo ngati pali mnzanu mmodzi wolimba mtima, mupite awiri. Alamu, ndikulankhula ndi inu tsopano: mantha anu ndi a chikondi, ndipo bambowa akhale nanu pansi muone mapu limodzi, muwerengere limodzi ndalama ya lendi ya mwezi umene bambowa adzakhale kulibe. Akapanda kutero, mundilembere, ndidzawakalipira pa wailesi pano.

Chatsala ndi mapepala, ndipo apa ndilankhule kwa nonse, chifukwa makalata ena anayi a sabata ino ndi a nkhani yomweyi. Wina masiku anatha chaka chatha, wina pasipoti inatha, wina anapereka pasipoti kwa munthu kuti akamudindire ku bodala ndipo yabwera ndi chidindo chokayikitsa. Abale anga, sabata iliyonse ndi zomwezi. Kuyambira 2014, ukapitirira masiku ako kuno, potuluka amakulemba kuti ndiwe wosafunika: chaka chimodzi ngati sanapitirire masiku 30, zaka zisanu ngati apitirira. Ndikudziwa kuti moyo wa kuno ndi wovuta, ndikudziwa kuti palibe amene amafuna kukhala mobisala, ndipo sindikuweruza munthu. Koma chimandiwawa ndi chakuti timadikira uthenga wa maliro ndiye n'kuyamba kuthamanga ndi mapepala, misozi ili m'maso, akuba n'kupezerapo mwayi. Pasipoti yako usapatse munthu wa pa ngodya ya msewu. Ngati yatha kapena yatayika, ofesi za boma la Malawi zilipo, ku Pretoria ndi kuno ku Johannesburg, pita ukafunse wekha.

Ndiye achimwene a njinga, onani kuti pasipoti ili ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi isanathe, ili ndi masamba osadinda, ndipo chilolezo chanu cha kuno chikulolani kubwerera kuntchito. Pa Beitbridge muuzeni wodinda kuti muli pa njinga. Okwera basi amapatsidwa masiku owerengeka ongodutsira, pamene inu Zimbabwe yokha, makilomita oposa 800, ikudyerani masabata pafupifupi awiri. Werengani chidindo musanachoke pa windo. Lisiti ya njinga mutengenso, kuti wina asakuvutitseni kuti mwaiba. Ndipo za kuwoloka Limpopo m'tchire, ngakhale wina akunyengerereni bwanji kuti n'kwachidule, musayerekeze.

Nthawi yandithera, ndimalize awiri awa. Mtsikana wa ku Yeoville, ukufunsa ngati mkazi angayende ulendo woterewu. Angayende, akazi ambiri apalasa Cairo mpaka Cape Town, koma ulendo woyamba usapite wekha. Bambo a ku Kempton Park, mukuti mwakhala mukuyendetsa thiraki njira ya Tete zaka zambiri ndipo mumamvera pulogalamu ino muli pa mzere ku bodala. Inu ndi amene ndimakufunani. Tilembereni malo amene muli madzi ndi ogona abwino pakati pa Beitbridge ndi Masvingo, komanso pakati pa Changara ndi Tete, ndidzawerenga Lachisanu likudzali kuti achimwene a ku Cosmo City alembe m'kope mwawo.