Mawu akuti gift kuno si mphatso

Achemwali, uthenga wanu uja ndaumva, za phukusi ndi za mafomu a mwanayo. Musanalembe chilichonse, tamverani kaye za mawu amodzi awa, gift.

Pa Chingerezi ndi mphatso, inde. Koma kuno ku Germany, Gift ndi poizoni. Wa makoswe amati Rattengift, ndipo botolo lolembedwa giftig ndi lija loika patali ndi ana. Ndiye pakatoni musalembepo GIFT ndi zilembo zazikuluzikulu ayi. Pa kafomu ka kupositi kaja, CN22, chongani bokosi la gift, pamenepo palibe vuto poti kafomuko nkodziwika konsekonse. Mukafuna kuwonjezera ndi cholembera, lembani Geschenk, ndiyo mphatso pa Chijeremani. Mulembenso zomwe zili m'katimo ndi mtengo wake. Mphatso yochokera kwa munthu kupita kwa munthu mnzake ikapanda kupitirira 45 euro, a msonkho kuno salipiritsa.

Za mafomu a ku Sweden aja, apo ndiye chenjerani. Pa mzere wolembedwa civilstånd akufunsa za ukwati. Gift pamenepo ndi wokwatira kapena wokwatiwa, ogift ndi amene sanalowe m'banja. Mwanayo achonge ogift. Akachonga gift poganiza kuti akufunsa za mphatso, adzamuuza abweretse chikalata cha ukwati umene kulibe. Ku Norway ndi ku Denmark amalemba ugift. Chodabwitsa nchakuti m'maiko atatuwa gift yemweyo ndi poizoninso. Aswidi amatchula ngati yifiti.

Gwero lake ndi limodzi, mneni wakale wa kupereka, uja Ajeremani amati geben, Angerezi give. Gift chinali chinthu choperekedwa basi. Angerezi anasunga tanthauzo la mphatso. Ajeremani anatengera mawu a Chigiriki akuti dosis, mlingo wa mankhwala umene sing'anga amapatsa wodwala, nkupereka tanthauzo lomweli kwa Gift, kenaka nkumanena Gift pozemba kutchula poizoni. Nchimodzimodzi ife tikamati anamuthirira mankhwala m'nsima, tonse timadziwa kuti si a malungo. Za ukwatizo nchifukwa kale mkazi ankachita kuperekedwa ndi makolo ake kwa mwamuna. Ajeremani akadali nawo mawu akuti Mitgift, chuma chimene mkwatibwi amapita nacho kwa mwamuna kuchokera kwawo, kutembenuza kwa malowolo.

Mukatumiza, mundijambulire lisiti la kupositi. Moni kwa alamu ndi ana.