Abale olekanitsidwa ndi nkhondo: nkhani ya pamsonkhano wa ku Lizulu

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko.

Ana athu akamalowa mu vidiyo sho pamsikapa, ambiri amafuna za mfuti ndi zibakera. Koma alipo mafilimu ena akunja, makamaka a ku Korea, oti tiziwaonera mofatsa. Mumaona gogo atakhala pakhonde, chithunzi chakale chili m'manja, mwana wake ali tsidya lina la malire. Si nthano chabe ayi. Nkhondo ya kumeneko inayamba mu 1950 n'kuima mu 1953, ndipo dzikolo lili pawiri mpaka lero. Munthu wamba wa kumwera sangalembere kalata kapena kuimbira foni mlongo wake wa kumpoto. Maboma awiriwo akalola kuti abale aonane, kumwerako mayina amasankhidwa ndi kompyuta mwa maere, ndipo osankhidwawo amapatsidwa masiku atatu basi. Komaliza zinachitika mu 2018. Ambiri amwalira mayina awo akadali pamndandanda.

Nanga kwa ife n'zachilendo zimenezi? Msewu wa M1 uwu, mukangoudutsa mwaponda Angonia, ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta, anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi kuno, ndipo Ntcheu ndi Dedza analandira khwimbi. Tinkatunga nawo pachitsime chimodzi, maliro tinkaikira limodzi. Atsogoleri a mbali ziwirizo, Chissano ndi Dhlakama, atasainirana mtendere ku Rome mu 1992, anthu anayamba kubwerera, koma si mabanja onse anabwerera athunthu. Wina anasiya mkazi ndi ana kuno, wina mwana anamutaya pothawa usiku, mpaka pano sadziwa ngati ali moyo. Onjezanipo matchona athu amene anapita ku Joni pa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za m'migodi, osabweranso.

Ndiye achinyamata inu, filimu yotere ikatha musamangoti inali yomvetsa chisoni. Pitani kwa agogo akadali ndi moyo, mukawafunse: kodi m'banja mwathu anasowa ndani? Lembani m'kope dzina lake lonse, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake, chaka ndi malo amene anamuona komaliza. Agogowo akatisiya, mayinawo apita nawo kumanda, ndipo zimenezi n'zimene zimandiwawa ine. A Red Cross ali ndi ntchito yofufuza abale otayana chifukwa cha nkhondo, salipiritsa, koma popanda dzina ndi mudzi alibe poyambira.

Amene muli ndi dzina lotere pamtima, tikatseka msonkhano musafulumire kunyamuka. Makope ndabwera nawo, tithandizane kulemba.