Moose ya ku Caucasus: nyama imene inapatsidwa dzina itatha kale

[Chithunzi: khomo la phanga, mkati muli mulu wa zigaza za nyama]

Taonani phanga ili. Lili m'mapiri a North Ossetia, kum'mwera kwa dziko la Russia, m'dera lotchedwa Digoria. Zimene zaunjikidwa mkatimo ndi zigaza ndi nyanga za nyama zakuthengo. Sizinabwere ndi madzi kapena ndi zilombo ayi. Anaziika ndi anthu, mibadwomibadwo, chifukwa malowa anali kachisi. Mlenje akapha nyama, nyama ankadya ndi anzake, koma mutu ankausiya kumalo opatulika ngati chopereka. Anthu a ku Ossetia ankakhulupirira kuti nyama zakuthengo zili ndi mwini wake, dzina lake Afsati, ndipo mlenje sangaphe kanthu iye asanalole.

Mumulu ngati umenewu ndi mmene munapezeka nyama imene tikambe lero.

Tiyambe ndi moose yeniyeniyo, poti ambirife sitinaionepo ndi maso. Ndi nyama ya m'mayiko ozizira monga Canada, Sweden ndi Russia, ndipo pa nyama zonse za m'banja la agwape a kumeneko, yaikulu kwambiri ndi imeneyi. Mphongo ya ku Alaska imatha kutalika mamita 2 kufika paphewa n'kulemera makilogalamu oposa 600. Ngati munaonapo ntchefu, ganizirani thupi lotero, koma miyendo yaitali zedi, mphuno yolendewera, ndi chikopa cholenjekeka pakhosi. Nyanga zake n'zosiyana ndi za ntchefu. Zimamera pa yamphongo yokha, zimathothoka chaka chilichonse, zina n'kumeranso. Ndipo imakonda madzi kwabasi. Imasambira bwino, imaviika mutu wonse m'dziwe kuzula zomera zapansi, kenako n'kukabudula nsonga za misondodzi m'mbali mwa mtsinje.

[Mapu: mapiri a Caucasus]

Apa ndi pakati pa nyanja ziwiri, Black Sea kumadzulo, Caspian kum'mawa. Kwa moose, kuno ndi kum'mwera kwambiri. Koma inalipo, m'nkhalango zachinyontho za m'mphepete mwa mitsinje ngati Kuban ndi Terek. Inali yocheperapo poiyerekeza ndi abale ake akumpoto. 

Nanga inatha bwanji? Vuto lake linali malo amene inkakonda. Chigwa cha mtsinje, dothi lachonde, madzi pafupi: munthu nayenso amafuna pomwepo. Nkhalango zija zinadulidwa, pena panakhala minda, pena midzi. Mfuti zitachuluka, nyama yaikulu chonchi inalibe pobisala, ndipo moose imodzi inali ndiwo za banja kwa masiku ambiri, chikopa chakenso chinali chamtengo. Kuberekana kwake n'kwapang'onopang'ono, mwana mmodzi kapena awiri pachaka. M'zaka za m'ma 1800 inatheratu.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi. Inatha mwakachetechete, asayansi asanaipatse n'komwe dzina lakelake. Ganizirani njati ya m'mapiri omwewa: yomaliza yakuthengo inaphedwa mu 1927, ndipo chakacho timachidziwa. Moose iyi ilibe tsiku lotere.

Mu 1955 ndi pamene katswiri wa zinyama wa ku Soviet Union, Nikolai Vereshchagin, amene ambiri amamudziwa chifukwa cha kafukufuku wake pa njovu zaubweya zamakedzana, anafotokoza za mafupawa. Anayeza zigaza zija, anaziyerekeza ndi za moose za kumpoto, n'kugamula kuti uwu unali mtundu wapaderadera wa kuderali. Anaupatsa dzina loti Alces alces caucasicus.

[Chithunzi: chigaza chimodzi, chapafupi]

Chionetsetseni chigazachi. Onani kutalika kwa malo a mphunowo, ndi mano otafunira masamba amene anaperepeseka ndi ntchito. Munthu wina anachinyamula kukwera nacho phiri, mwina atachikoleka paphewa, n'kuchiika pamwamba pa zinzake pothokoza kuti lero kwawo kudyedwa nyama. Dzanja limene linawombera nyamayi ndi lomwelonso linatisungira mutu wake, pouma, m'kati mwa thanthwe, mpaka Vereshchagin anadzauyeza.