Chaputala cha pa ukwati chimene sichinalembedwere akwati

[Chithunzi: khomo la tchalitchi Loweruka m'mawa, galimoto zomangidwa maliboni]

Moni nonse amene mukutionera. Loweruka lililonse muno mu Lilongwe, kaya ku Kawale, ku Area 25 kapena kwa Chinsapo, pamakhala ukwati, ndipo kawirikawiri abusa amatsegula 1 Akorinto 13. Akangofika pa mawu akuti chikondi n'choleza mtima, amayi nthungululu, mkwatibwi n'kuwerama. Zimakoma ndithu. Koma Paulo polemba chaputala chimenechi sankalembera akwati. Ankalembera mpingo umene anthu ake sankamwerana madzi.

[Chithunzi: mapu a Girisi, mzinda wa Korinto]

Kalatayi anailemba ali ku Efeso, cha m'ma 54 Yesu atabadwa. Korinto unali mzinda wa madoko awiri, wodzaza amalonda, akapolo ndi alendo. Anthu a m'nyumba ya Kloe ndi amene anamutsina khutu Paulo kuti zinthu sizili bwino. Ena ankati ndife a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa, amene ndi Petro. Pa chaputala 6 mupeza Akhristu akutengerana kukhoti. Pa chaputala 12 ndi 14 akulimbirana kuti mphatso yaikulu ili ndi ndani, makamaka ya malilime. Chaputala 13 chili pakati pa mikangano imeneyi, n'chifukwa chake chikuyamba ndi kunena kuti wolankhula malilime a angelo wopanda chikondi ali ngati chitsulo chongosokosera.

Mwina munamvapo alaliki akunena kuti Chigiriki, chinenero chimene Paulo analembera kalatayi, chili ndi mawu angapo a chikondi. Ndi zoona. Eros, chikondi cha chilakolako, sichipezeka n'komwe m'Chipangano Chatsopano. Philia ndi cha pa ubwenzi. Agape ndi limene Paulo wagwiritsa pano. Koma ndikupempheni, tisamalipembedze liwuli ngati lili ndi mphamvu palokha. Pa 2 Timoteo 4:10, pamene Dema anathawa Paulo chifukwa chokonda dziko lino, liwu lake n'lochokera ku agape yemweyo. Pa Yohane 3:19, anthu okonda mdima, chimodzimodzi. Tanthauzo lake limaoneka pa zimene wokondayo akuchita.

Ndipo apa ndi pamene pandigwira mtima. Kuyambira vesi 4 mpaka 7, m'Chigiriki muli aneni 15, mawu onena zochita okhaokha. Paulo sakufotokoza mmene mtima umagundira ukaona munthu. Akutchula zimene chikondi chimachita ndi zimene chimakana kuchita.

[Chithunzi: okala, kabuku ka ngongole pa kauntala]

Titenge limodzi lokha, pa vesi 5, lakuti chikondi sichisunga mangawa. Liwu la Chigiriki pamenepo ndi la owerengera ndalama. Mukudziwa kabuku ka pa okala kaja, kothimbirira ndi mafuta, bolopeni atamangirira ndi ulusi? Shuga wa pa 3, sopo wa pa 9, zonse zimadikira pa mapeto a mwezi. Ambirife tili nako kabuku kotere mumtima. Mlamu sanabwere pa maliro a bambo, talemba. Mayi wa ku chigwirizano anandidutsa osandipatsa moni, talemba, ndi tsiku lomwe. Tsiku la mkangano timakatsegula n'kuwerenga kuyambira tsamba loyamba. Paulo akuuza Akorinto kuti wokonda mbale wake alibe kabuku kameneka, ndipo liwu lomweli analigwiritsanso pa 2 Akorinto 5:19, ponena kuti Mulungu sawerengera anthu zolakwa zawo.

Pali chinthu china chimene sindingachilumphe. Vesi 7 ikuti chikondi chimapirira zonse, ndipo vesi imeneyi yavulaza amayi ambiri. Mayi akumenyedwa, wapita kwa ankhoswe diso lili lotupa, n'kumuuza kuti banja ndi kupirira, Baibulo likutero. Ayi, abale anga. Vesi 6, yomwe ili pamwamba pake penipeni, ikuti chikondi sichikondwera ndi chosalungama koma ndi choonadi. Vesi 5 ikuti sichichita zosayenera. Womenyayo ndiye waphwanya chaputalachi, ndipo kumubisira si kumukonda. Mayi wotere akapita ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, sanachimwire 1 Akorinto 13.

[Chithunzi: mbale za nsima zikugawidwa pa msonkhano wa mpingo]

Tibwerere kumbuyo pang'ono, ku chaputala 11. Akhristu a ku Korinto ankasonkhana m'nyumba za anthu, ndipo Mgonero wa Ambuye unali chakudya chenicheni. Vesi 21 ikuti aliyense ankathamangira kudya chake, wina n'kutsala ndi njala, wina n'kuledzera. Akatswiri ambiri a Baibulo amati olemera ankafika msanga, pamene akapolo ndi aganyu ankafika mochedwa ataweruka, n'kupeza mbale zili mbee. Paulo anawafunsa ngati akufuna kuchititsa manyazi amene alibe kanthu.

Taganizirani mtsikana wogwira ntchito m'nyumba ku Area 47, amene Lamlungu amayamba wachapa, wakolopa, waphika, kenako n'kukwera minibasi n'kufika mapemphero ali pakati. Amakhala pa benchi yakumbuyo. Pa chakudya cha mpingo, nkhuku imakhala itathera ku tebulo la akuluakulu, iye n'kulandira msuzi ndi kabichi. Anthu onga iyeyu ndi amene Paulo ankawaona m'maso polemba. Malangizo ake pa vesi 33 ndi achidule kwambiri: mukasonkhana kuti mudye, muzidikirana.

Sabata yamawa tidzatsegula Luka 10, tidzaone ndalama ziwiri zimene Msamariya anasiyira mwini nyumba ya alendo, ndi masiku angati a ganyu amene zinkaimira. Tsalani bwino.